Kodi mmisiri ali ndi mlandu pa katundu amene chombo chake chasenza?

Mlendo akafika kuno ku Nkhotakota timakonda kumutengera pamkuyu uja David Livingstone adakhala pamthunzi pake. Chimene sitikonda kumuuza mlendoyo ndi chimene mzungu uja adaona atatsikira kudoko. Mu September 1863 adapeza amisiri ali kalikiliki kukhoma chombo chamatanga, chija Aswahili amati dau, cholowa m'malo mwa china chimene chidasweka panyanja. Zombo zimenezi ndizo zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira. Mbiri idasunga dzina la Jumbe, mwini malonda. Sidasunge maina a amene adagwetsa mitengo, amene adacheka matabwa, amene adasula misomali ndi amene adasoka matanga. Komatu popanda manja awo malonda aja sakadakula monga adakulira. Ife Asilamu a m'mphepete mwa nyanja sitiyenera kuizemba nkhaniyi. Chisilamu chidalowa kuno pa njira yomweyo imene akapolo adatulukira, ndipo n'kutheka kuti ena mwa amisiri aja ankatula nsompho pansi nthawi ya swala ikakwana, n'kudzaitolanso akamaliza.

Ndawakumbukira amisiri amenewa chifukwa cha mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa alifu, ba, ta ku madrasa ali wamng'ono. Lero ndi katswiri wa makompyuta ndipo amagwira ntchito pa kampani ina mumzinda. Atabwera kumudzi pa Eid yapitayi adandidikirira kunja kwa mzikiti mpaka anthu onse atabalalika, kenako adati: "Shehe, kampani yathu ikufuna kupikisana nawo pa ntchito yokonza kaundula wa pakompyuta wa anthu a maiko ena amene akuchita malonda m'matauni. Mudzakhala maina awo, zithunzi, zidindo za zala, nambala za foni ndi nyumba zimene amagona. Ine ndimangolemba pulogalamu. Sindigwira munthu, sindimanga munthu, sindikweza munthu mulole. Kodi malipiro anga ndi halal?" Sindidamuyankhe tsiku limenelo. Funso lotere si loyankha munthu uli chiimire, nsapato zili m'manja.

Funso lakelo anzake a ntchito yomweyo ku America adalimbana nalo poyera m'chaka cha 2018. Mu April chaka chimenecho boma la Donald Trump lidalamula kuti aliyense wolowa m'dzikomo mozemba kudzera m'malire a Mexico aziimbidwa mlandu. Makolo akatsekeredwa, ana ankatengedwa n'kukasungidwa kwaokha, ndipo ana masauzande adalekanitsidwa ndi makolo awo motero, ena mwa iwo osakwana zaka 5. Mu June, anthu atamva mawu ojambulidwa a ana akulira m'nyumba zosungiramo anthu, ogwira ntchito ku Microsoft oposa 100 adalembera kalata mkulu wa kampaniyo, Satya Nadella, kuti athetse kontrakiti ya madola 19.4 miliyoni imene kampaniyo idali nayo ndi ICE, nthambi ya boma imene imasaka, kutsekera ndi kuthamangitsa anthu okhala m'dzikomo popanda chilolezo. Ku Amazon adalembera Jeff Bezos kuti kampani ileke kugulitsa kwa apolisi makina ozindikira nkhope za anthu, ndiponso ileke kugwira ntchito ndi kampani ya Palantir imene imakonzera ICE mapulogalamu olondolera anthu. Ku Salesforce anthu oposa 650 adasaina kalata yotsutsa kontrakiti ya kampani yawo ndi nthambi yolondera malire.

Yankho la Microsoft lidali lakuti iwo sakukhudzidwa ndi kulekanitsa ana ndi makolo, ntchito yawo ndi yothandiza nthambiyo pa maimelo, makalendala ndi kasungidwe ka zikalata za muofesi. Ndi yankho lomwe lija akadapereka mmisiri wa padoko: ine ndimangokhoma matabwa. Sikuti ndi bodza. Koma ofesi yopanda makalata ndi kaundula singagwire munthu, monganso chombo chopanda misomali sichingaoloke nyanja. Chaka chotsatira, mu September 2019, katswiri wina dzina lake Seth Vargo, atamva kuti kampani imene ankagwirako kale ntchito, ya Chef, ili pa kontrakiti ndi ICE, adachotsa pa intaneti mapulogalamu amene adalemba yekha omwe kampaniyo inkadalira. Pasanathe sabata kampaniyo idalengeza kuti kontrakitiyo ikatha sidzaipitiriza. Ku GitHub ena adasiya ntchito chifukwa cha kontrakiti ya madola 200,000, koma kampani sidasunthe.

Tisanamizane, makontrakiti ambiri adapitirira. Lamulo lolekanitsa mabanja lidaimitsidwa pa 20 June 2018 chifukwa cha mkokomo wa dziko lonse, osati wa akatswiri a makompyuta okha. Makampani nawo adatopa nako kudzudzulidwa ndi antchito awo: mu April 2024 Google idachotsa ntchito anthu 28 amene adakhala pansi m'maofesi potsutsa kontrakiti ina, ya boma la Israel, ndipo mu 2025 Palantir idalandira ntchito yatsopano ya madola 30 miliyoni kuchokera ku ICE yomwe ija. Wofuna kuwerenga zipambano apeza zochepa.

Komabe pali chinthu chimene Msilamu sayenera kuiwala. Mu December 2016, pamene kunkamveka zoti boma latsopano la America likhoza kulemba Asilamu m'kaundula wapadera, akatswiri a makompyuta oposa 2,000 adasaina lumbiro, aliyense ndi dzina lake, kuti sadzathandiza kukonza kaundula wolondola anthu potengera chipembedzo, khungu kapena dziko lochokera, ndipo kuti akakakamizidwa adzasiya ntchito. Anthu amene sitiswali nawo adaika mkate wawo pachiswe chifukwa cha ife. Adakumbutsana za makina owerengera anthu a kampani ya IBM amene boma la Hitler lidagwiritsa ntchito. Ife a kuno tili ndi chikumbutso chapafupi kuposa chimenecho. Ku Rwanda mu 1994, chitupa chosonyeza mtundu wa munthu ndicho chinkagamula pa zotchinga za pamsewu kuti uyu adutse, uyu aphedwe. Kalaliki amene adalemba mawu akuti Tutsi pa chitupa zaka zambiri m'mbuyomo sadagwire chikwanje. M'chaka chomwecho cha 1994 ndi mmene ndende yakale ya andale ya Dzaleka, ku Dowa, idasandutsidwa msasa wa anthu othawa kwawo.

Apa nkhani yafika pakhomo. Dzaleka ndi malo oyenera anthu pafupifupi 12,000, koma muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda. Dziko lathu, povomereza pangano la maiko la 1951 lokhudza othawa kwawo, lidakana kudzimanga pa mfundo zopatsa anthuwa ufulu wokhala kumene afuna ndi wolembedwa ntchito. Kwa zaka zambiri boma lidayang'ana kumbali, ndipo ambiri adatuluka mumsasa, kutsegula magolosale, kuchita renti nyumba, ena kukwatira ndi kukwatiwa ndi Amalawi. Mu March 2023 unduna wa za chitetezo cha m'dziko udalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 April. Pa 17 May apolisi ndi asilikali adalowa m'madera a mumzinda wa Lilongwe, ndipo anthu mazana angapo, pamodzi ndi ana, adakatsekeredwa kundende ya Maula asanapititsidwe kumsasa. Mashopu adatsekedwa, makontena a katundu adalandidwa, ana adasiya sukulu pakati pa teremu. Bungwe la UNHCR ndi mabungwe a ufulu wa anthu adadandaula, koma ntchito idapitirira mpaka m'maboma ena.

Ambiri a ife tidaomba m'manja. Ndidamva ndi makutu anga pakhonde la mzikiti anthu akuti "Maburundi apite, atilanda misika." Sindikunyoza dandaulo la wamalonda wamng'ono amene amaona shopu ya mnzake yodzaza pamene yake muli sopo mipiringidzo itatu. Njala ndi yeniyeni, ndipo boma lili ndi mphamvu yoika malamulo a malonda. Koma palibe lamulo la malonda limene limafuna kuti mwana agone ku Maula. Ndipo ena mwa amene adakwezedwa m'malole aja ndi anthu amene m'mizikiti ya m'matauni ankaima nafe phewa ndi phewa pa swala ya Ijumaa. Tidawapatsa salamu Lachisanu, n'kuwaloza chala Lachitatu.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Kwa ife a kunyanja si mawa ayi, ndi dzulo ndi lero. Kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Mangochi, mudzi umene ulibe mwana ku Joni ndi wosowa. Malata a nyumba zathu, mainjini a maboti, ngakhale makapeti a m'mizikiti ina, ndi thukuta la anyamata amene ambiri mwa iwo masiku a pa pasipoti adawathera kalekale. Imamu aliyense wa kuno adapemphedwapo kuchita dua chifukwa cha mwana amene ali ku Lindela, malo osungirako anthu odikira kuthamangitsidwa ku Krugersdorp. Kwa zaka zambiri malo amenewa ankayendetsedwa ndi kampani ya Bosasa, ija mbiri ya ziphuphu zake idaululika pamaso pa Zondo mu 2019. Ndiye kuti kutsekeredwa kwa ana athu kudali bizinesi ya wina. Mu April 2015 boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa zipolowe ku Durban. Gulu la Operation Dudula lakhala likuima pazipata za zipatala kufunsa odwala zitupa. Pamalire a Beitbridge tsopano pamauluka tindege topanda woyendetsa tosaka olowa mozemba. Ndipo mu August 2025 kudaikidwa lamulo loti Mmalawi kapena Mzambia wofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi ku America akanatha kuuzidwa kuti apereke chikole chofika madola 15,000, chifukwa ziwerengero za m'makompyuta awo zidati anthu a maiko awiriwa amakhalitsa kupyola masiku awo. Tikalira chifukwa cha zimenezi timati ndi nkhanza. Zikachitikira wa ku Burundi pakhomo pathu timati ndi lamulo.

Ntchito ya mu May 2023 kwenikweni idadalira magalimoto, mfuti ndi zala za anthu oloza. Ena adabisala, ena adasungidwa ndi anansi achifundo. Kaundula amene mnyamata wanga akunena angathetse mpata umenewo. Tili kale ndi maziko ake: mu 2017 bungwe la NRB lidalemba Amalawi oposa 9 miliyoni, ndi zithunzi ndi zidindo za zala, ndipo lero chiphaso cha unzika chimafunika polembetsa nambala ya foni, kubanki, pogula fetereza wotsika mtengo ndi polembetsa mavoti. Zimenezi zatithandiza m'zambiri. Koma makina amene amadziwa amene ali ndi chiphaso amadziwanso amene alibe. Ngakhale a zolinga zabwino amalakwitsa: mu 2021 bungwe la Human Rights Watch lidaulula kuti maina ndi zithunzi za Asilamu a mtundu wa Rohingya, zimene UNHCR idatolera m'misasa ya ku Bangladesh, zidakafika m'manja mwa boma la Myanmar limene anthuwo adalithawa.

Nanga chipembedzo chathu chimati bwanji? Poyamba tinene kuti kulemba anthu m'kaundula pakokha si tchimo. Khalifa Umar bin Khattab (Allah asangalale naye) ndiye adayambitsa diwani, kaundula wa maina a anthu woti chuma cha boma chigawidwe mwadongosolo. Kugwira ntchito ya boma nakonso si tchimo, ngakhale wolamulira asakhale Msilamu. Mneneri Yusuf (mtendere ukhale pa iye) adayang'anira nkhokwe za dziko la Iguputo, ndipo njala itavuta adayeza tirigu ngakhale kwa alendo ochokera kunja kwa malire. Choncho amene angauze mnyamata wanga kuti kompyuta ya boma ndi haramu wamusokeretsa. Kaundula wa Umar adali wogawira. Funso ndi lakuti uyu wa lero ndi wogawira kapena wosakira.

Mabuku a fiqhi amene tidaphunzira ku madrasa ali ndi chitsanzo chimene chikugwa ndendende pa nkhaniyi. Kugulitsa mphesa ndi halal. Koma kugulitsa mphesa kwa munthu amene ukudziwa kuti akafulula mowa ndi koletsedwa, ngakhale iwe sukhudza mbiya yofululira. Kuno tingati shuga ndi madeya kwa mayi amene mudzi wonse ukudziwa kuti amatcheza kachasu. Chimodzimodzi kugulitsa chida pa nthawi ya chipwirikiti kwa munthu amene akufuna kukhetsa magazi. Chinthucho n'choyera, koma kudziwa kwako ndi kuyandikira kwa dzanja lako ku choipacho ndi zimene zimasintha chigamulo. Wolima nzimbe ku Dwangwa alibe mlandu wa kachasu wa ku Kasungu, chifukwa ali kutali ndipo sadziwa kumene shuga wake akathere. Koma amene amapereka thumba pakhomo la wotchezayo Lolemba lililonse sanganene kuti sadziwa. Ndipo amene watseka maso dala kuti asadziwe, kutseka masoko ndi umboni woti akudziwa.

Maulama akale ankasimba za telala amene adafunsa ngati iye, posokera zovala wolamulira wankhanza, angawerengedwe pakati pa othandiza opondereza. Adayankhidwa kuti othandiza ndi amene amamugulitsa singano ndi ulusi, koma iye mwini walowa kale m'gulu la opondereza. Ine ndimaona kuti mawu amenewa adanenedwa pofuna kudzidzimutsa mtima, osati monga chigamulo cha kukhoti, pakuti tikawatenga monga alili palibe angatsale woyera. Komabe amatiphunzitsa kuti akuluakulu a chipembedzo chathu sadavomereze msanga mawu akuti "ine ndangotumidwa." Imamu Abu Hanifa adakana udindo wa kadhi umene Khalifa al-Mansur adamupatsa, poopa kuti dzina lake lidzakhala chidindo pa zigamulo zimene sakugwirizana nazo, ndipo adatsekeredwa mpaka adamwalira ku Baghdad m'chaka cha 767.

Nkhani imene iyenera kutichititsa manyazi koposa ndi ya ku Habasha. Cha m'ma 615, Asilamu oyambirira atazunzidwa ku Makka, Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) adawauza kuti athawire kwa mfumu yachikhristu ya dziko limenelo, Najashi. Akuraishi adatuma nthumwi ziwiri, mmodzi wa iwo Amr bin al-As, ndi mphatso za mfumu ndi nduna zake, kukapempha kuti othawawo aperekedwe m'manja mwawo popanda kufunsidwa kanthu. Nduna zimene zidalandira mphatso zidavomereza. Mfumu idakana kupereka munthu amene sidamumve, idaitana Jafar bin Abi Talib (Allah asangalale naye) kuti alankhule, ndipo itamva idabweza mphatso zija n'kuwasunga alendowo. Najashi atamwalira, Mtumiki adamuswalira swala ya janaza ali ku Madina. Kalendala yathu yomwe imayambira pa Hijira, ulendo wa anthu othawa kwawo. Habasha uja ndiye Ethiopia wa lero. Mu October 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, apolisi adafukula mitembo pafupifupi 30 ya anyamata amene amaganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia, amene ankazembetsedwa kudutsa m'dziko muno. Zidzukulu za anthu amene adasunga maswahaba zidakwiriridwa m'tchire mwathu, popanda nsalu, popanda dzina.

Manda a ku Mtangatanga omwewo akutiletsa kunena kuti malire asalonderedwe. Pamene boma silidziwa amene walowa ndi amene watuluka, opindula ndi ozembetsa anthu, ajumbe a masiku ano amene chombo chawo ndi kontena. Atsikana athu amene adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman n'kukapezeka ali akapolo m'nyumba za eni akadathandizika kukadakhala kalondolondo wabwino wa amene adawatenga. Ofisala wa zolowa ndi zotuluka amene amagwira ntchito yake mokhulupirika, osalandira kangachepe, akugwira ntchito yotamandika, ndipo katswiri amene amamukonzera makina ali ndi gawo pa zabwinozo. Dziko lino lidasungapo anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni pa nthawi ya nkhondo ya kwawo, ndipo kuwalemba kudali kofunika kuti alandire ufa ndi nyemba. Sindikutsutsa kalembera. Ndikutsutsa kalembera amene cholinga chake ndi kuti lole idzadziwe khomo loti iimepo usiku.

Patapita masiku atatu ndidamuitana mnyamata uja, tidakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa madrasa. Ndidamuuza kuti sindingagamule kuti ntchitoyo ndi halal kapena haramu iye asanachite udindo wake woyamba, umene ndi kufunsa. Afunse abwana ake, ndipo afunse m'kalata, kuti kaundulayu adzakhala m'manja mwa yani, pansi pa lamulo liti, ndipo ndani adzaloledwe kumutsegula. Ngati muli malo olembapo chipembedzo kapena mtundu wa munthu, afunse kuti za malonda zikukhudzana bwanji ndi kumene munthu amapemphera. Ngati muli maina a ana ndi sukulu zawo, afunse chifukwa chake. Koposa zonse afunse funso la Najashi: kodi munthu amene dzina lake latuluka m'makinawa adzamvedwa ndi woweruza asanakwezedwe mulole, kapena makinawo ndiwo adzakhale woweruza? Kufunsa kotere si kuukira. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa munthu la 2024, ndipo kampani yanzeru ingamuthokoze wantchito amene waipulumutsa ku mlandu. Mayankho akakhala omveka, agwire ntchito ndi mtima woyera. Akakhala ozembazemba, apemphe kusamutsidwira ku ntchito ina, ndipo asapite yekha; alankhule ndi anzake, Akhristu ndi Asilamu omwe, pakuti mutu umodzi susenza denga. A ku Microsoft aja chimene adachita bwino ndi chakuti adasaina ambiri.

Ndidamuchenjezanso za malire a mbali inayo. Kukana ntchito n'kololedwa. Kuononga, kuba uthenga kapena kutchera msampha m'makina a eni n'kuphwanya amana. Vargo uja adachotsa zimene zidali zake. Zimene walembera kampani pa malipiro si zako. Tidaona kumayambiriro kwa 2024, makina osindikizira mapasipoti ataima kwa masabata ambiri ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pakompyuta awalowerera n'kufuna dipo. Amene adavutika si nduna, koma odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira ndi amayi a geni. Nkhani imeneyi idationetsa kuti makiyi a dziko lonse akhoza kukhala m'manja mwa amisiri owerengeka, ndipo mwini makiyi otere sangadzitche munthu wamba wongotumidwa.

Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenako adanena mawu amene ndakhala ndikuwasinkhasinkha. Adati: "Shehe, a ku America aja akasiya ntchito Lolemba, Lachisanu apeza ina. Ine ndidakhala zaka ziwiri ndi digiri m'chikwama. Amayi ndi alongo anga atatu amadya za ine." N'zoona. Ngakhale Imamu Abu Hanifa adali wamalonda a nsalu, ndipo kukana kwake udindo sikudagonetse banja lake ndi njala. N'kosavuta kwa shehe wa ndevu za imvi kulamula mwana wa mnzake kuti akhale ngwazi. Shariya imadziwa kusiyana kwa munthu wokakamizidwa ndi wochita mwakufuna, ndipo mtolo waukulu uli pa amene adalamula ntchitoyo ndi amene adasaina kontrakiti, osati pa wamng'ono wa pansi. Koma kuchepa kwa mtolo si kusowa kwa mtolo, ndipo ngati tikufuna kuti achinyamata athu akwanitse kukana, gulu liyenera kusenza nawo mtengo wa kukanako.

Apa ndipamene ife atsogoleri tiyenera kudziyang'ana. M'madrasa mwathu mwana amaloweza zonse zimene zimaononga udhu, koma amafika ku yunivesite asanamvepo phunziro ndi limodzi lomwe la zimene zimaononga malipiro. Tikumanga mizikiti yokongola, koma thumba lothandiza munthu amene wachotsedwa ntchito chifukwa chokana choipa palibe. Ndikupempha a Muslim Association of Malawi ndi a Qadiriya Muslim Association of Malawi kuti akhale pansi ndi Asilamu odziwa zamakompyuta ndi zamalamulo, atulutse malangizo omveka pa ntchito zotere, nkhani isanafike poipa. Asilamu a makampani aziyamba kuganizira wantchito amene adataya ntchito pa chifukwa chotere, m'malo momuona ngati wovuta. Aphunzitsi a ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuzu ndi ku Zomba, pophunzitsa ana kukonza nkhokwe za maina, aziwasimbiranso za chitupa cha ku Rwanda. Ndipo aphungu athu aunikenso lamulo la othawa kwawo la 1989, pakuti mwana wobadwira ku Dzaleka mu 1995 lero ali ndi ana ake, ndipo lamulo likumuonabe ngati mlendo wongodutsa. Tidazolowera kunena kuti mlendo ndi mame, koma mame amenewa akhala zaka 30 osakamuka.

Mnyamata uja adabwerera kumzinda. Adalemba kalata ija, ndipo anzake awiri, mmodzi wa mpingo wa CCAP, adasaina naye. Sabata yatha adandiimbira foni kuti abwana sadayankhe kanthu, koma adamuchotsa pa msonkhano umene ankayenera kukhalapo, ndipo tsiku lomaliza lopereka mapepala a mpikisano ndi kumapeto kwa mwezi uno. Dzana mayi ake adandipeza kudoko ndikugula usipa, n'kundifunsa pamaso pa anthu kuti, "Shehe, mwana wanga mukufuna mumuchotsetse ntchito? Fizi ya alongo ake mudzalipira ndinu?" Ndidawapempha kuti tisakambe pagulu. Loweruka likubwerali ndipita kunyumba kwawo pamodzi ndi akuluakulu awiri a komiti ya mzikiti, tikawerenge limodzi kuti fizi ya atsikana atatuwo pa teremu imakwana ndalama zingati.